Mwana Wofatsa wa Tiyamike

Tsiku lomaliza limene Alfonsi anaona mlongo wake Tiyamike ali moyo, anamukweza pa njinga yamoto kuchokera mu msika wa Kapata kupita pokwerera maminibasi a ku Kasenengwa. Mimba inali itakula, ndiye anakhala chammbali, beseni latsopano la pulasitiki lili pamiyendo, dzanja limodzi litakola lamba wa buluku la mlongo wakeyo. Njira yonse pakamwa sanatseke.

"Iwe Fonsi, ukuthamangira kuti? Ukufuna ndichirire pamsewu pano, tauni yonse ionerere?"

"Ndikuyenda bwinobwino, asisi."

"Bwinobwino wa kuti? Mwanayu wayamba kale kundiponda. Ndikuuze, ameneyu adzakhala wolira ngati iwe. Iwe unalira pamsana panga mpaka agalu a m'mudzi anatopa nawe, anasiya kukuyankha. Tsiku limene adzayambe, ndidzakuitana ubwere udzamubereke, ulaweko nawenso."

Tiyamike ndiye analera Alfonsi mayi awo atamwalira, iye akadali kamnyamata ka mamina. Ndiyenso anamuperekeza ku koleji ya zauphunzitsi, atamusitira malaya onse. M'chaka chachiwiri, atamutumiza kukayeserera kuphunzitsa, Alfonsi anaima kutsogolo kwa kalasi, ana onse maso ali pa iye, mawu n'kumuuma pakhosi. Anayesanso m'mawa mwake, chimodzimodzi. Mlungu usanathe analongedza chikwama, osabwererakonso. Tiyamike anakhala miyezi osamuyankhula. Kenako tsiku lina anangotulukira pamene anyamata a njinga zamoto amadikirira makasitomala, n'kumuveka chisoti chatsopano kumutu, nati, "Poti m'katimo mulibe kanthu, tetezako chibadecho." Za koleji sanazitchulenso.

Atafika pokwerera minibasi, Tiyamike anatsika mosamala, natulutsa mbatata yootcha m'besenimo n'kumuponyera. Alfonsi anaiwakha. Pomwepo munthu wina anamukodola kutsidya kwa msewu, iye n'kutembenuza njinga. Sanadikire kuti aone minibasi ikunyamuka.

Patapita milungu ingapo, mlamu wake Ezekiel anaimba foni. Mwana anabadwa, wamwamuna, pa kachipatala ka kumudzi. Koma magazi sanaleke, ndipo pamene ambulansi inkalowa mu Chipata n'kuti Tiyamike atatsirizika kale.

Maliro anagona masiku, kudikira abale a ku Kitwe. Munali mu Julaye, kamphepo kouma kakuwomba tsiku lonse, fumbi likulowa m'mano. Chaka chimenecho mvula inakana, minda inali mbuu, mapesi a chimanga ali chiimire opanda kanthu. Amuna anakhala panja pansi pa mtengo wa mango, manja ali m'khwapa. Amayi anadzaza m'nyumba, akusinthana kulira ndi kuimba.

Alfonsi sanathe kukhala pansi. Akati akhale pa benchi, miyendo inkagwedezeka yokha mpaka adzuke. Anatunga madzi kumjigo, anakatenga a kwaya ku mudzi wina, anatolera mafoni a anthu kukatchajitsa pa golosale yokhala ndi sola, anabweranso, anapitanso. Misozi sinabwere, tulo sitinabwere, njala sinabwere. Chimene chinalipo ndi kuyenda basi.

A Howard, Mubemba wokwatira m'mudzimo, amene pa maliro a anthu a kum'mawa amakhala ndi ufulu wonyoza aliyense monga mwa chimbuya, ubale wa nthabwala wa mitundu iwiriyi, sanamulekerere.

"Aphunzitsi athu, takhalani pansi! Mwazungulira nyumbayi ngati nkhuku yosowa poikira. Kapena mwamva kuti m'tauni mbewa zatsika mtengo?"

Amuna anaseka pang'ono, pakuti imeneyo ndiyo inali ntchito ya a Howard. Alfonsi anayesa kumwetulira, koma nkhope inakana.

Mwanayo anali asanamuone. Anali kuchipinda ndi a Agnesi, akulu awo a malemu mayi ake, amene Alfonsi ankawatcha amayi aakulu. Mchombo unali usanagwe, ndipo mwamuna salowa m'chikuta, nanji nyumba ya siwa itadzaza amayi mpaka pakhomo. Nkhani za mwanayo ankangozitola kwa amayi otuluka ndi zidebe.

"Koma mwana wofatsa uja! Chibadwire sanalirepo."

"Akudziwa kuti ndi wamasiye. Ana otere Mulungu amawapatsa nzeru asanabadwe."

"Sadzavuta kulera ameneyu."

Mawu amenewa ankamubaya Alfonsi penapake pansi pa nthiti. Mwana wa Tiyamike, wofatsa? Kwawo kunalibe munthu wofatsa kupatula iye, ndipo nayenso kufatsako anakuphunzira atakula.

M'mawa wa tsiku loika maliro, bokosi lili kale pabalaza, adzukulu atapita kumanda ndi makasu, Alfonsi anazungulira kuseri kwa nyumba kukatenga zigubu. Zinali pansi pa zenera la kuchipinda. Pamene ankawerama, kwaya inamaliza nyimbo, m'nyumba n'kuti zii. Mu kachetechete kameneko anamva kaphokoso. Kanali kakang'ono, kosongoka, ngati kamwanapiye kovundikiridwa ndi dengu. Kankabwera, n'kuleka, n'kubweranso. Anagwira mpweya wake kuti amvetsere. Kamluzu, kachete. Kamluzu, kachete. Kwaya inayamba nyimbo ina, kaphokoso kaja n'kumira.

Anali akadali chiwerame pamene Sharifah anatulukira pakona, botolo la mwana lili m'manja. Sharifah anali mwana wa mwini sitolo ya zitenje kumene Tiyamike anagwira ntchito zaka zambiri. Anabwera tsiku loyamba la maliro ndi zitini za mkaka wa ana, ndipo sanabwererenso kwawo. Maso ake anali ofiira, mpango wakumutu utapendekeka. Anakhuthulira mkaka pansi, ndipo Alfonsi anaona kuti botololo linali lodzaza.

"Sanamwe?"

"Amayamba bwino," anatero Sharifah, akuyang'ana uku ndi uku. "Akangokoka pang'ono, milomo imada, n'kusiya. Dzulo zinali bwinoko. Lero ngakhale osamwa, milomo siikubwerera."

"Nanga chimene chikulira ngati mluzu?"

"Ndi iyeyo. Ndi mmene akupumira." Anatsitsa mawu. "Achimwene, ali ndi chotupa m'khosi, kumanzere kuno. Anesi a pa kachipatala anachiona tsiku lobadwa, chili kakang'ono ngati mtedza. Anati apite naye ku Chipata akamuone. Amayi aakulu anati tithane kaye ndi maliro. Koma chikukula. Tikamumwetsa m'pamene chikukula."

"Mwawauza?"

"Ndawauza. Akuti ine ndine wa Chisilamu, za kuno sindingazidziwe. Akuti ndisakhudze ulusi."

"Ulusi wanji?"

Sharifah anangoloza zenera ndi chibwano.

Alfonsi anasiya zigubu. Pakhomo anavula nsapato, nalowa mogwada, akudumpha miyendo ya amayi. Nyimbo inazilala mbali imodzi. Wina anamugwira mwendo wa buluku, iye anaumasula osayang'ana. Bokosi analidutsa maso ali kumbali. Anakankha nsalu ya pakhomo la kuchipinda.

A Agnesi anakhala pamphasa, atavala yunifolomu yawo ya amayi a kutchalitchi, kolona ili m'khosi. Pamiyendo pawo panali mtolo wa shawelo ndi mabulangete, pamwamba pake kachipewa kaubweya.

"Iwe! Wapenga? Ukufuna chiyani muno?"

"Ndimuone mwanayo, amayi."

"Udzamuona akatuluka m'chikuta. Tuluka, anthu asakunene."

Alfonsi sanatuluke. Anagwada patsogolo pawo. Pafupi chonchi, kamluzu kaja kankamveka ngakhale kwaya ikuimba. A Agnesi anamuyang'ana kanthawi, kenako anapumira m'mwamba, n'kuyamba kufunyulula shawelo okha.

Mwanayo anali wamng'ono kuposa mmene Alfonsi ankaganizira. Pansi pa nsagwada yakumanzere panali chotupa chonga dzira la nkhuku, chosalala, chonyezimira, chokankhira kamutu kumbali. Ulusi wakuda wokhala ndi kathumba ka mankhwala unazungulira khosi, ndipo pa chotupapo unalowa m'khungu n'kusiya kangalande. Mwana akamakoka mpweya, pansi pa nthiti pankalowa m'kati ngati pabowoka. Mphepo itamukhudza anakwinya nkhope, timanja tikutakataka m'mwamba, kakamwa n'kuyasama, kalilime kakunjenjemera. Zonse za mwana wolira zinalipo. Mawu okha ndiwo panalibe.

Pamenepo Alfonsi anazindikira. Mwana ameneyu sanali wofatsa. Anakhala akulira masiku onsewa, m'nyumba yodzaza anthu olira, popanda womumva.

"Waona?" ananong'ona a Agnesi. "Ulusiwu ndinamanga ndekha tsiku limene anabwera, kuti mayi ake asamuitane. Ndinasiya polowa zala ziwiri. Lero chala chimodzi chikukana. Ukuganiza akukoka ndani?"

"Ndi chotupacho chikukula, amayi."

"Nanga chikukuliranji? Mayi wofa mwana ali wa magazi samusiya msanga, Alfonsi. Mtima wake ukadali muno. Lero tikamuika, dothi likamukwirira, asiya. Mawa m'mawa udzamutengere ku Chipata, ine ndemwe ndidzakwera njinga yakoyo."

"Mawa safika."

"Usalodze mwana ndi pakamwa!"

"Ndimutenge tsopano."

A Agnesi anakokera mwanayo pachifuwa. "Mwana satsogola mayi ake pakhomo. Bokosi lituluke kaye. Ukatuluka naye mayi ake akadali muno, amulondola. Ndipo ukadzabwera naye ali m'nsalu, anthu adzati chiyani? Ndaika mng'ono wanga, lero ndikuika mwana wake. Wachitatu ayi."

Iwo ankalira tsopano, misozi ikugwera pa kachipewa. Alfonsi anatsegula pakamwa, mawu n'kumuuma pakhosi monga tsiku lija m'kalasi. Anadzuka, natuluka.

Panja dzuwa linali litakwera pang'ono. Akatekisiti anali asanafike. Akafika padzakhala mapemphero, kuona nkhope, zoyankhula za mpingo, za akuchimuna, za akuchikazi, kuwerenga mayina a opepesa. Bokosi silikanatuluka dzuwa lisanafike pamutu.

Ezekiel anakhala payekha pa mpando, atavala jekete lalikulu lobwereka, maso ali pa nyerere zimene zinkadutsa pafupi ndi nsapato zake. Alfonsi anagwada pambali pake n'kumufotokozera zonse. Ezekiel anamvetsera ngati munthu womva wailesi ya nyumba ina.

"Alamu, mwandimva? Mwana wanu sakupuma."

"Ndamva." Anapukuta kumaso ndi chikhatho. "Ine pano ndine mkamwini, alamu. Andinena kale kuti ndinachedwa kupeza galimoto. Ndikati ndiyankhule za mwana, ati ndikufuna kumaliza onse. Mwini mbumba ndi inu. Mukanena inu, ine ndili pambuyo panu."

Mwini mbumba. Alfonsi anafuna kuseka. Wa njinga yamoto, wothawa ana a sukulu. Koma zinali zoona, pakuti mwamuna wa m'mimba imeneyo anatsala yekha. N'chifukwa chake akuluakulu anamuuza dzulo lake kuti iye ndiye adzayankhule kumanda m'malo mwa banja, ndipo iye ndiye adzayambe kuponya dothi.

Anazungulira mtengo wa mango. Anapita pa njinga yake, nagwedeza thanki kuti amve mafuta. Anabwerera. A Howard anatsegula pakamwa kuti amunyozenso, koma ataona nkhope yake anatseka. Alfonsi anapitanso kuseri kwa nyumba. Sharifah anali pomwepo, akupotokola nsonga ya mpango. Zenera linali lotsekula pang'ono. Alfonsi anakankha chitseko chake chathabwa, nasuzumira.

"Amayi."

"Wabweranso?"

Anayang'ana pansi, pa zigubu, chifukwa akayang'ana nkhope ya munthu mawu ankathawa.

"Amayi, inu Tiyamike munamudziwa asanamere mano. Ndiuzeni tsiku limene anagwirapo mwana pakhosi. Ine anandimenyapo ndi chipande, anandimenyapo ndi patapata. Koma tsiku limene ndinabanika ndi chifuwa, anandibereka kuchoka pano mpaka pamsewu wa tara, wapansi, mvula ikugwa, inu mukumuuza kuti adikire kuche. Mukukumbuka? Anakuyankhani mwano tsiku limenelo."

A Agnesi anakonza kachipewa ka mwanayo. Alfonsi anapitiriza.

"Akanakhala kuti angathe kudzuka m'bokosimo, bwenzi pano ali pa njinga, akunditukwana kuti ndikuchedwa. Mukuti amulondola. Amulondole! Chipata amaidziwa kuposa ine. Atiperekeze."

M'nyumba kwaya inali pa nyimbo yapang'onopang'ono. A Agnesi anayang'ana mwana, anayang'ana nsalu ya pakhomo, anayang'ananso mwana. Milomo ya mwanayo inali ngati ya munthu wodya nthudza.

"Nanga kumanda ayankhula ndani?"

"Alipo ambiri odziwa kuyankhula."

"Sudzamuona mlongo wako akutsika."

"Ndikudziwa."

A Agnesi anawerama, naika pakamwa pa khosi la mwana. Alfonsi anaganiza kuti akumupsompsona, koma ankaluma mfundo ya ulusi. Atamasula, anauzunguliza pa kadzanja n'kumanganso. Ananyowetsa chala m'kapu ya madzi, nalemba mtanda pachipumi cha mwanayo, milomo ikuyenda. Kenako anadzuka ndi maondo awo olira, nabwera pazenera.

"Pakhomo sadutsa," anatero. "Za zenera makolo sanatiuze. Iwe mwana wa Chisilamu, tambasula manja. Umuimike chilili pachifuwa, akagona chagada amabanika. Ndakhala ndikumugwira choncho usiku wonse."

Mwanayo anatuluka pazenera, mutu patsogolo, monga anabadwira.

Alfonsi anakankha njinga osailiza mpaka kuseri kwa khola. Njira yotulukira m'mudzi inkadutsa m'mphepete mwa manda. Pakati pa mitengo anaona mulu wa dothi lofiira, ndi mitu ya adzukulu ikutuluka ndi kulowa m'dzenje. Mmodzi anakweza khasu.

"Amalume! Fodya wathu ali kuti?"

Alfonsi anapotokola chogwirira, njinga n'kulumpha.

Msewu wafumbi unali ndi mabampu ngati nthiti za ng'ombe yowonda. Akathamanga, Sharifah ankakuwa kuti mwana akugwedezeka. Akachepetsa, ankakuwa kuti afulumire. Choipa kwambiri chinali chakuti injini inkameza kamluzu kaja. Alfonsi sankadziwa ngati wanyamula anthu awiri kapena mmodzi. Pa mlatho wa kamtsinje kouma anaima n'kuzimitsa injini.

"Mwaimiranji?"

"Ndimve."

Mphepo, mbuzi patali, kenako kamluzu. Analiza njinga. Asanapite patali anaimanso.

"Achimwene, ine ndikumumva pachifuwa panga! Akasiya ndikuuzani. Yendani!"

"Mundiuza?"

"Ndikutsinani. Yendani!"

Kuyambira pamenepo Alfonsi anayendetsa njinga thupi lonse likudikira kutsinidwa. Chala cha Sharifah chikangosuntha pa jekete lake, mtima unkadumpha. Anadutsa ngolo ya ng'ombe, amayi osenza mitolo ya udzu, njinga zakapalasa zolemedwa ndi makala. Atakwera tara anatsegula mafuta onse. Mapiri a Chipata anayandikira, kenako masitolo, malole opita kumalire a dziko ku Mwami atandandalika m'mbali mwa msewu, maminibasi oima paliponse pamene afuna. Mnzake wina wa njinga anamuimbira belu n'kumukuwira moni. Alfonsi sanamuone n'komwe.

Pa chipatala chachikulu nesi wa pakhomo la odwala mwadzidzidzi anangotsegula shawelo, n'kumulanda Sharifah mwanayo, nathamanga naye. Iwo anamutsatira mpaka pa chitseko chimene chinawatsekera kumaso. Pagalasi Alfonsi anaona akumuika kachigoba ka okosijeni kumaso, kamene kanaphimba nkhope yonse. Kenako wina anakoka katani.

Mukhonde munali benchi. Sharifah anakhala. Alfonsi anayenda mpaka kumapeto kwa khonde, nabwerera, napitanso. Anawerenga chikwangwani cha katemera mpaka pansi osamva kanthu. Nsapato zake zinali zopondera kuchidendene, pakuti chivulire pakhomo la siwa sanazivale bwino.

Patapita nthawi anatuluka dokotala, mayi wachitsikana wa magalasi, akuvula magolovesi.

"Atate a mwana ndi inu?"

"Ndine malume ake. Atate ake ali ku maliro. Tikuika mayi ake lero."

Dokotala anaima kaye, nawayang'ana onse awiri. "Pepani. Dzina la mwana?"

Alfonsi anayang'ana Sharifah. Palibe amene anali ataganizapo.

"Lembani kuti mwana wa Tiyamike."

"Chabwino. Tamuunika ndi sikani. Chimene chili m'khosimo ndi kathumba, anabadwa nako. Mwana akamaumbika m'mimba, nthawi zina kamalo kena ka m'khosi sikatsekeka, n'kusanduka kathumba. Aka kakuoneka kuti kali ndi kanjira kochokera kummero, n'chifukwa chake kayamba kukula atayamba kumwa. Mukulowa mpweya ndi timadzi. Tsopano kakupana njira yopumira, yatsala yopyapyala ngati udzu. Sizichitikachitika. Ine chiyambire ntchito ndi kachiwiri kuziona."

"Anamumanga ulusi m'khosi," anatero Alfonsi. "Kodi ndi umenewo?"

"Ayi. Si ulusi, si mkaka, si munthu aliyense. Ulusiwo mwina wathandiza kuti muone kuti chikukula." Anakankhira magalasi m'mwamba. "Mvetserani. Tikufuna tilowetse singano, tipope zimene zili m'katimo kuti njira itseguke. Kumeneko si kuchiza, n'kungomupatsa mpata. Kathumbako kangathe kudzazanso. Kuti kachoke pafunika opaleshoni ku Lusaka, ndipo tiyesetsa kuti ambulansi inyamuke naye mawa. Mkaka wa pakamwa tauimitsa, azilandira za m'mitsempha. Khosi la mwana wotere ndi laling'ono, singano ili ndi chiopsezo chake. Koma tikapanda kutero sindikuona kuti afika madzulo. Mukuvomera?"

Alfonsi anadikira kuti mawu amuume pakhosi. Sanaume.

"Chitani."

Chitseko chinatsekekanso. Dzuwa linali litapendeka, kuwala kwake kukulowa pa mazenera a khonde. Foni inanjenjemera m'thumba. Anali Ezekiel.

"Alamu, zili bwanji?"

"Ali naye m'kati. Akuti amubaya singano m'khosi. Kumeneko?"

"Tafika kumanda. Amene ayankhula m'malo mwanu ndi a Howard, sananyoze munthu. Amayi aakulu auza anthu kuti anakutumani ndi iwo." Mawu anamuthera. "Akutsitsa tsopano. Imvani."

Alfonsi anakanikiza foni kukhutu, natsamira khoma. Kunamveka mphepo ikuwomba pa foni, ndi nyimbo ya amayi yodukaduka. Mwamuna wina ankati, "Kumutu, kumutu, pang'onopang'ono." Zingwe zinakhula pa thabwa. Mawu a akatekisiti. Kenako dothi loyamba linagwa pa bokosi, phu, dothi limene likanachokera m'dzanja lake. Anadikira lachiwiri, koma foni inangoti zii.

Anayang'ana foniyo. Anayang'ana Sharifah, amene anali atatseka maso, milomo ikuyenda ndi mapemphero a kwawo. Anafuna kuyendanso, koma miyendo imene inamuyendetsa masiku onsewa inakana. Anatsetsereka ndi khoma mpaka kukhala pansi pa simenti yozizira.

Ndipo kuseri kwa chitseko kunamveka mawu. Poyamba anali osasa, okhadzuka, ngati kambuzi kobadwa kumene. Anaduka. Anabweranso, okwera, aukali, a munthu amene wakhala akuitana nthawi yaitali osayankhidwa. Anadzaza khonde lonse. Mayi wina wodutsa ndi fulasiki anatembenuka.

Sharifah anatsegula maso, naseka, misozi ikuyenderera mpaka pachibwano. "Mwamva? Pakamwa pa mayi ake!"

Alfonsi anaimbira Ezekiel kuti amve, kuti akweze foni pamwamba pa dzenje dothi lisanadzaze. Foni ya Ezekiel inali yozima. Anakumbuka kuti m'mawa uja inali m'gulu la mafoni amene anayenera kukatchajitsa akamaliza kutunga madzi. Anayesanso, yozima. Anaika foni yake pansi.

Nesi anasuzumira pachitseko. "Amalume a mwana wa Tiyamike? Bwerani mumuone, koma musambe m'manja. Mukonzekenso, ulendo wa ku Lusaka ndi wautali, ndipo pafunika wachibale."

"Ndipita ndine."

"Mudzatha? Ameneyu akuoneka kuti ndi wolira."

"Mayi ake anandiuza kale," anatero Alfonsi.

Anadzuka, navala bwino nsapato zake, nalowa. Mwanayo anali pa kabedi ka galasi, bandeji ili pakhosi, ulusi wakuda uli pa kadzanja, nkhope yonse ili psuu ndi ukali.

Tiyamike anaikidwa m'manda, ndipo mwana wake anamveka kulira koyamba, Lachinayi, pa 18 Julaye 2024.